Tayala Likamangophwa pa Ulendo wa Njinga m'Midzi ya ku France

Munthu wopalasa njinga masiku asanu kapena khumi motsatira mtsinje wa Loire, kapena m'mbali mwa ngalande ya Canal du Midi, sadabwa tayala likaphwa kamodzi. Minga ndi timiyala takuthwa sizisowa panjira. Chimene chimaononga ulendo ndi tayala lophwa mobwerezabwereza. Mwaika chubu chatsopano m'mawa ku Blois, musanafike ku Amboise laphwanso, mawa lake chimodzimodzi, ndipo pofika tsiku lachitatu machubu onse amene munanyamula atha. Zikatere musanene kuti ndi tsoka. Nthawi zambiri chimene chinaboola chubu choyamba chimakhala chikadali m'wilo momwemo, ndipo chidzaboola chubu chilichonse chimene mungaikemo kufikira mutachipeza n'kuchichotsa.

Tikunena pano za njinga za machubu, zonyamula katundu wa makilogalamu 10 mpaka 20 m'zikwama za m'mbali. Ndi njinga zotere zimene anthu ambiri amabwera nazo kapena kuchita hayala pa njira ya La Loire à Vélo, yotalika pafupifupi makilomita 900 kuchokera ku Cuffy, kufupi ndi Nevers, mpaka ku Saint-Brevin-les-Pins kumene mtsinjewo umathira m'nyanja ya Atlantic.

Chubu chophwacho musachitaye msanga

Chubu chakale ndicho mboni yokhayo imene inaona zimene zinachitika. Anthu ambiri amachisolola, kuchipinda, kuika china n'kumapita, ndipo potero amataya umboni wonse.

Yambani ndi chizolowezi ichi musananyamuke n'komwe: poika tayala pa limu, dzina la kampani lolembedwa m'mbali mwake lizikhala pa vavu penipeni. Mukatero, malo a bowo pa chubu adzakulozerani malo ake enieni pa tayala.

Tayala likaphwa, tsitsani zikwama, ikani tcheni pa giya yaing'ono kwambiri ya kumbuyo, masulani buleki, chotsani wilo. Tsegulani mbali imodzi yokha ya tayala, sololani chubu, ndipo musachitembenuze. Chipopeni chili panja mpaka chifufume bwino ndithu, chifukwa bowo la munga silitseguka mpweya ukakhala wochepa. Chiyendetseni pang'onopang'ono pafupi ndi milomo yanu. Khungu la pamlomo limamva kamphepo kamene khutu silingamve, makamaka pa mitumbira ya Loire pomwe mphepo siileka. Ngati simukupeza, madzi a m'ngalande kapena a mumtsinje ali pafupi. Chimizeni chigawo ndi chigawo muone pamene pakutuluka thovu. Chongani malowo ndi bolopeni.

Tsono chigonekeni pa wilo monga chinakhalira, vavu pa bowo lake, mufunse mafunso awiri. Bowolo lili mbali iti: kumsana koyang'ana msewu, kumimba koyang'ana masipoko, m'nthiti, kapena patsinde pa vavu? Nanga likuoneka bwanji: kadontho, ming'alu iwiri, kapena chibowo chong'ambika? Mayankho ake ndiwo akuuzeni chochita.

Kadontho kamodzi kumsana

Ili ndilo vuto lofala kwambiri, ndiponso limene limabwerera kwambiri. China chake chalowa m'tayala ndipo chabisala mu labala.

Madera ambiri a chigwa cha Loire ali ndi mwala umene Afalansa amautcha silex. Ndi mwala womwewo umene alimi a mphesa a ku Sancerre ndi ku Pouilly amanyadira kuti uli m'nthaka yawo. Ukasweka umasiya tizidutswa takuthwa ngati galasi, tina tochepa kuposa njere ya mpunga. Kachidutswa kotere sikaboola nthawi yomweyo. Kamakanirira mu labala, ndipo wilo likamazungulira kamalowa pang'onopang'ono mpaka nsonga yake ifike pa chubu. Mvula ikagwa zimaipiraipira, pakuti madzi amamatiza timiyala ku tayala ndiponso labala wonyowa amachekeka mosavuta. M'misewu ing'onoing'ono ya manambala oyamba ndi D, m'nyengo yotentha amathira phula n'kuwaza timiyala pamwamba. Mukaona chikwangwani cholembedwa gravillons, chepetsani liwiro ndipo yendani m'mizere imene matayala a magalimoto asesa kale, osati m'mphepete momwe timiyala taunjikana.

Minga ili ndi nyengo yake. Alimi olandira thandizo la boma saloledwa kudula mipanda ya zitsamba kuyambira pakati pa Malichi mpaka pakati pa Ogasiti, pofuna kuteteza mbalame zimene zikuswa. Motero kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala makina odulira amatuluka, ndipo amasiya tinthambi ta minga ya zitsamba zotchedwa prunellier ndi aubépine titamwazika pamsewu. Mukaona masamba aawisi odukaduka pansi, tsikani muyende wapansi mamita ochepawo. Ngakhale kukankha njinga pamenepo kumatola minga, choncho mukadutsa yang'anani matayala onse awiri musanakwerenso.

Chachitatu ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi kochokera m'matayala otha a malole. Kameneka kamapezeka pa milatho ndi polowa m'matauni, ndipo ndi kovuta kukaona kuposa zonse.

Kafufuzidwe kake ndi aka. Chotsani tayala lonse pa limu. Pitani pamalo amene chubu chakulozerani, mutembenuze tayala mkati mukhale kunja, mulipinde mwamphamvu kuti labala atseguke. Kamwala kambiri sikaoneka tayala lili chete. Kamatulukira pokhapokha likapindika, monga limachitira likapondedwa ndi katundu. Musayendetse chala mothamanga mkatimo, mudzadzicheka. Tengani kathonje kapena nsalu yofewa muipukutire mkati mozungulira. Ulusi udzakola pa nsonga imene maso sakuiona. Mukachipeza, chikankheni kuchokera mkati ndi pini kapena nsonga ya mpeni kuti chituluke momwe chinalowera. Kumbukiraninso kuti ngati chubu chinatembenuzika pochisolola, malo okayikitsa ndi awiri, kumanja ndi kumanzere kwa vavu pa mtunda wofanana. Ndipo mukapeza munga umodzi musaleke, zungulirani tayala lonse, poti pamene pagwa munga umodzi pamakhala inzake.

Ngati machubu awiri otsatizana abooka pa mtunda womwewo kuchokera pa vavu, palibenso chokayikira. Musaike chachitatu musanachipeze chinthucho, ngakhale zitakutengerani theka la ola.

Madzulo aliwonse mukafika pogona, zungulitsani wilo lililonse pang'onopang'ono, muzule timiyala tonse tokanirira mu labala. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma imachotsa mabowo a mawa asanachitike.

Ming'alu iwiri yoyandikana

Mukaona timing'alu tiwiri tofanana, ngati pamene njoka yaluma, palibe chimene chalowa m'tayala. Wilo lagunda chinthu cholimba, tayala laphwatalala mpaka pansi, ndipo milomo iwiri ya limu yatsina chubu. Gwero lake ndi mpweya wochepa poyerekeza ndi kulemera kwa katundu, ndipo pafupifupi nthawi zonse zimachitika ku wilo la kumbuyo, lomwe limasenza gawo lalikulu la wokwera ndi zikwama zake.

Vutoli limasautsa kwambiri pa Canal du Midi. Ngalande imeneyi, ya makilomita 240 kuchokera ku Toulouse mpaka ku Étang de Thau, inatsegulidwa mu 1681, ndipo njira ya m'mbali mwake inali ya mahatchi okoka mabwato, osati ya njinga. Chigawo choyambira ku Toulouse chili ndi phula, koma mukamapita cha ku Carcassonne ndi ku Béziers mumakumana ndi malo a dothi, miyala ndi mizu ya mitengo yotumphuka pamwamba. Ku Loire zogunda zake ndi zina: miyala yoyala m'misewu ya matauni akale, ndi m'mphepete mwa konkire polowa pa milatho.

Kufinya tayala ndi chala sikuuza zoona. Tayala lokhuthala la paulendo limamveka lolimba ngakhale lili ndi mpweya wa 2 bar okha (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala). Pamafunika pampu yokhala ndi geji. Munthu wa makilogalamu 75, pa njinga ya makilogalamu 15 ndi katundu wa makilogalamu 15, ngati matayala ake ndi a mamilimita 37 m'lifupi, ayambe ndi 4.5 bar kumbuyo ndi 4 bar kutsogolo. Pa matayala a mamilimita 47 mpaka 50, 3 kapena 3.5 bar imakwana. Wolemera kuposa apa awonjezere theka la bar kumbuyo. Ngati geji yanu imawerenga psi, 1 bar ndi 14.5 psi. Musapyole malire olembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo musaganize kuti kupopa mpaka pamalirewo ndiye chitetezo. Tayala louma gwaa limadumphadumpha pa miyala, limatopetsa manja, ndipo limaterera pa dothi.

Pali msampha wina umene umachititsa kuti vutoli libwerere. Mwamata chubu panjira, mwapopa ndi kapampu ka m'thumba, dzanja latopa pa 2.5 bar, mwati zakwana. Makilomita khumi kutsogolo mwagunda muzu, chubu chatsinidwa, ndipo mukuganiza kuti chigamba chanu chalephera. Mukapopa ndi kapampu kakang'ono, yendani mosamala mpaka mutapeza pampu yaikulu. Malo ogona, makampu ndi maofesi a alendo okhala ndi chizindikiro cha Accueil Vélo amayenera kukhala pasanathe makilomita 5 kuchokera pa njira ya njinga, ndipo ogonako amapeza posungira njinga ndi zida zokonzera. Pemphani pampu kumeneko masiku awiri kapena atatu aliwonse, chifukwa chubu chabwinobwino nacho chimataya mpweya pang'onopang'ono.

Kakweredwe nakonso n'kofunika. Mukaona muzu kapena dzenje, nyamukani pa chishalo, mawondo akhale opindika, mulole njinga idutse yokha. Ngati katundu yense ali kumbuyo, samutsirani makilogalamu awiri kapena atatu m'chikwama cha pa handulo.

Bowo kumimba

Apa msewu ulibe mlandu. Mkati mwa limu muli lamba wophimba mabowo kapena mitu ya masipoko. Afalansa amamutcha fond de jante. Lamba ameneyu akasuntha, akang'ambika, kapena akakalamba n'kulowa m'mabowo, chubu chimakhudza chitsulo chakuthwa. Chotsani tayala muone limu yonse. Bowo lililonse la sipoko liyenera kuphimbika kwathunthu, ngakhale kam'mphepete kake. Lamba wa labala wopyapyala ndi wa malimu a khoma limodzi basi. Pa limu ya makoma awiri mpweya umamukankhira m'mabowo. Gulani wansalu womata, monga wa Velox, kapena wapulasitiki wolimba, wokwana bwino m'lifupi mwa limu. Muli panjira, tepi yamagetsi yokulunga katatu ikhoza kukufikitsani ku tauni yotsatira, koma dzuwa likatentha imafewa n'kusuntha, ndiye musaidalire kuposa tsiku limodzi.

Ngati sipoko inasinthidwa posachedwa, onani ngati siyaitali mopitirira mpaka kutulukira mkati. Ndiponso kabowo kakang'ono kumimba kapena m'nthiti, kamene kaoneka mutangoika chubu, kawirikawiri ndi ntchito ya chotsegulira tayala. Pobwezera tayala gwiritsani manja okha. Ikani mpweya pang'ono m'chubu kuti chiumbike, yambirani mbali yoyang'anizana ndi vavu, ndipo muzifinyira milomo yonse iwiri ya tayala pakati pa limu pomwe pali pozama. Mukatero labala amapeza mpata ndipo chigawo chomaliza, cha pa vavu, chimalowa ndi zala.

Patsinde pa vavu

Bowo la pamenepa silimatika, chubu chatha. Chimene muyenera kupeza ndi chifukwa chake. Tayala lofewa limakwawa pa limu mukamagwira buleki, n'kumakoka chubu mpaka vavu ipendekeke. Mukaona vavu yapendekeka, phwetsani muiwongole. Kanati ka pa vavu musakamange kolimba, chifukwa kamabisa kupendekekako ndipo kamakokera chubu m'bowo la limu. Kapampu kopanda payipi kamagwedeza vavu uku ndi uku. Popopa gwirani mutu wa pampu pamodzi ndi tayala m'dzanja limodzi kuti usasunthe.

Amene anazolowera njinga zakapalasa za ku Malawi ndi ku Zambia amadziwa vavu ya mtundu wa Dunlop, ya kanati kozungulira. Ku France mudzakumana kwambiri ndi mitundu iwiri ina. Presta ndi yopyapyala, ya mamilimita 6, yokhala ndi kamutu komasula musanapope. Schrader ndi yonenepa, ya mamilimita 8, yofanana ndi ya galimoto. Schrader siilowa m'bowo la Presta. Presta imalowa m'bowo la Schrader, koma imagwedera ndipo chubu chimadyeka patsinde ngati simuikapo kamphete kochepetsa bowolo. Nyamulaninso kachitsulo kakang'ono kosandutsa Presta kuti ilandire payipi ya galimoto, kuti muzitha kupopa pa malo omwetsera mafuta. Kumeneko thirani mpweya pang'onopang'ono, chifukwa makina ake amadzaza tayala la njinga m'kanthawi kochepa zedi.

Tayala likamaphwa usiku wonse koma bowo osaoneka, ikani malovu pamlomo pa vavu. Likatuluka thovu, kamtima ka mkati kamasuka. Kamangeni pang'ono ndi pulayala.

Kuphulika ngati mfuti

Chibowo chachitali kapena chong'ambika ngati nyenyezi chimasonyeza kuti chubu chinatulukira kunja kwa tayala. Mwina chinapanika pansi pa mlomo wa tayala poika. N'chifukwa chake musanapope kwambiri muzikankha tayala mbali zonse ziwiri kuzungulira wilo lonse, muone kuti chubu sichikuoneka. Mwina tayala lang'ambika m'nthiti. Apa yang'anani labala wa buleki: wilo likabwezedwa mopendekeka, kapena labalayo akakwera pang'ono, amakhula tayala m'malo mwa limu, ndipo pakatha makilomita angapo ulusi wa tayala umaduka. Mng'alu wopitirira mamilimita 5, woonetsa ulusi, uyenera kutchingidwa mkati ndi chidutswa cha tayala lakale chimene munadula mawaya ake. Mukasowa, pepala la ndalama lopinda kawiri limagwira kwa kanthawi. Popani mocheperako ndipo mugule tayala pa shopu yoyamba.

Ena amaopa kuti dzuwa la ku Languedoc, kum'mwera kwa France kumene kumadutsa Canal du Midi, liphulitsa tayala. Mpweya umene munapopa m'mawa kuli madigiri 15 ukatentha kufika madigiri 45, tayala la 5 bar limakwera ndi 0.6 bar basi. Tayala labwino silisweka ndi zimenezo. Limene limasweka ndi lija linali kale ndi chilonda.

Chigamba chomangomatuka

Omata machubu m'misika ya kwathu amadziwa chinthu chimene alendo ambiri a pa njinga amachiphonya: solushoni safuna changu. Palani malowo ndi sandipepala mpaka kunyezimira konse kuchoke, ndipo malo opalawo akule kuposa chigamba. Ngati pali mzere wotumphuka wa pa chubu, upaleni ufanane ndi pena ponse. Pakani solushoni wochepa, wopyapyala, kamodzi. Dikirani mphindi zisanu kufikira aume, asakhalenso wonyezimira. Musakhudzepo ndi chala. Chotsani pepala lasiliva, ikani chigamba, kanikizani mwamphamvu kuchokera pakati kupita m'mbali kwa mphindi yathunthu. Musachiyese pochipopa kwambiri chili panja, poti chubu chimafutukuka koma chigamba ayi. Chiikeni m'tayala, mpweya womwewo ndiwo udzachikanikize.

Solushoni amene anatsegulidwapo kale amauma m'kachubu mwake ngakhale chivundikiro chili chotseka. Nyamulani wosatsegula. Zigamba zomata zokha, zosafuna solushoni, n'zothandiza mvula ikamagwa, koma pa njinga ya katundu zimayamba kudontha pakapita masiku. Njira yabwino ndi kuika chubu chatsopano panjira, n'kukamata chakalecho madzulo pogona, pouma ndi powala.

Kugula chubu ndi tayala kumidzi

Musanene kuti mukufuna cha mainchesi 28. Njinga yakapalasa ya kwathu ya 28 x 1½ ili ndi limu ya mamilimita 635, pamene njinga za paulendo za ku Ulaya zimene zimatchedwanso 28 zili ndi limu ya 622. Tayala la imodzi silikwana pa inzake. Werengani manambala awiri olembedwa m'mbali mwa tayala, monga 37-622, omwe Afalansa amalembanso 700x35C. Yoyamba ndi mulifupi, yachiwiri ndi limu. Ya 559 ndi ya mainchesi 26, ya 584 ndi 650B. Jambulani manambalawo pa foni pamodzi ndi vavu. Chubu chopyapyala kwambiri m'tayala lalikulu chimatanuka n'kuonda. Chachikulu m'tayala laling'ono chimapindika, ndipo popindikapo m'pamene chimadzabookera.

Mawu ochepa a Chifalansa amathandiza pa kauntala. Kuphwa kwa tayala ndi crevaison, chubu ndi chambre à air, tayala ndi pneu, chotsegulira tayala ndi démonte-pneu, ndipo chigamba ndi rustine, dzina lochokera kwa Louis Rustin amene anayamba kupanga zigambazo.

Nthawi ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Mashopu ambiri a njinga m'matauni ang'onoang'ono amatseka Lamlungu ndi Lolemba, komanso masana kuyambira cha m'ma 12 mpaka 2 koloko. Pa 14 Julayi ndi pa 15 Ogasiti ndi tchuthi, ndipo mu Ogasiti eni mashopu ena amapita kukapuma. Ndiye tsiku loyang'ana matayala mosamala ndi kuwerenga machubu ndi Loweruka m'mawa, muli m'tauni ngati Orléans, Tours, Saumur kapena Angers. Masitolo aakulu a zakudya a m'mphepete mwa matauni nthawi zambiri amakhala ndi machubu a saizi zofala ndi zigamba, ndipo ena amatsegula Lamlungu m'mawa. Anthu awiri oyenda sabata yathunthu akhale ndi machubu awiri pa njinga iliyonse, bokosi la zigamba, zotsegulira tayala zitatu, pampu ya geji ndi chidutswa cha tayala lakale.

Wochita hayala njinga afunse asanachoke kuti wilo la kumbuyo limachoka bwanji. Njinga za magiya obisika mkati mwa habu, ngati Shimano Nexus, zimafuna sipanala ya 15 ndi kumasula waya wa giya. Zina zili ndi manati oletsa akuba ofuna kiyi yakeyake. Njinga yamagetsi ya injini m'wilo ili ndi chingwe choyenera kulumula kaye. Pa mabuleki a mafuta a disiki, musafinye chogwirira wilo litachoka, chifukwa timapadi timatsekana ndipo wilo silibwereranso.

Ngati mwafufuza zonsezi koma mabowo akubwera m'malo osiyanasiyana kumsana, tayala latha. Muona pakati pake pataphwatalala, timing'alu tambirimbiri, kapena mtundu wina wa labala ukusuzumira pansi. La kumbuyo limatha msanga kuposa la kutsogolo. Musawasinthanitse kuti lothalo lipite kutsogolo, chifukwa tayala la kutsogolo likaphulika pa liwiro munthu amagwa. Gulani lina la lamba woteteza mkati, monga Schwalbe Marathon, la saizi yomweyo. Ngati shopu ili kutali, njanji imatsata Loire pa mtunda waukulu pakati pa Orléans ndi Nantes, ndipo sitima za m'zigawo zotchedwa TER zimanyamula njinga zosapasula. M'nyengo yotentha sitima zina zimafuna kuti malo a njinga musungitsiretu, choncho funsani pa siteshoni kapena onani pa foni musanakankhe njinga kupita kumeneko.